Mseu umene unang'amba Rondo: kodi America idzalipira mabanja amene anagwetseredwa nyumba?

Tsiku lililonse magalimoto zikwizikwi amadutsa pa mseu waukulu wa Interstate 94, umene umalumikiza mizinda ya Minneapolis ndi St. Paul m'cigawo ca Minnesota, ku America. Mseuwu ukafika kumadzulo kwa pakati pa mzinda wa St. Paul umayenda m'cigwa cocita kukumba, ndipo nyumba za anthu zimaoneka pamwamba, zina kumpoto, zina kumwera. Pamalo pamene pali cigwaco panali mseu wa Rondo Avenue, mtima wa dera limene munali kukhala anthu akuda ambiri a mumzindawo.

Mseu wa Interstate 94 unatsegulidwa m'caka ca 1968. Papita zaka zoposa 50, koma nkhani ya Rondo siinathe. Ana ndi adzukulu a anthu amene anacotsedwa pamalopo akufunsa cipukuta misozi, ndipo funso lawo likumvekanso m'mizinda ina yambiri ya ku America imene inaona zofanana ndi zimenezi. Cimene cikubvuta ndi kudziwa kuti alipire ndani, alandire ndani, ndiponso kuti mtengo wa mudzi umene unapasuka ungawerengedwe motani.

Lamulo la 1956

Ciyambi ca nkhaniyi ndi lamulo lochedwa Federal-Aid Highway Act, limene mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo, a Dwight Eisenhower, anasaina mu June 1956. Lamuloli linalola kuti pamangidwe miseu ikuluikulu yotalika makilomita pafupifupi 66,000, yolumikiza zigawo zonse za dzikolo. Boma lalikulu la ku Washington linalonjeza kulipira madola 90 pa madola 100 alionse a nchitoyo, ndipo maboma a zigawo anatsala ndi madola 10 cabe.

Miseu imeneyi inathandiza kwambiri malonda ndi maulendo, ndipo palibe amene amatsutsa zimenezo. Bvuto linabuka pamene akatswiri anaganiza zoti miseuyo isamangolambalala mizinda, koma izilowa mpaka pakati peni peni, kuti anthu okhala kunja kwa mzinda azifika msanga ku nchito. Mseu wa mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu sungalowe mumzinda popanda kugwetsa nyumba. Unduna woona za mtengatenga ku America unawerengera kuti pakati pa 1957 ndi 1977 mabanja oposa 475,000, amene ndi anthu oposa 1 miliyoni, anasamutsidwa cifukwa ca nchito za miseu zolipiridwa ndi boma. Ambiri mwa iwo anali anthu akuda, anthu ocokera m'maiko ena ndi amphawi.

Cifukwa cake miseu inadzera kwa anthu akuda

Omanga miseu anali kunena kuti amangosankha malo ochipa. Koma kuchipa kwa malowo kunali ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la boma lochedwa Home Owners' Loan Corporation linajambula mapu a mizinda, ndipo madera ambiri a anthu akuda linawapaka utoto wofiira, kutanthauza kuti ndi oopsa kubwereketsako ndalama. Mabanki anali kukana kupereka ngongole zogulira kapena kukonzera nyumba m'madera otere. Nyumba zinayamba kukalamba, mitengo yake inatsika, ndipo akuluakulu a mizinda anayamba kunena kuti maderawo ndi onyansa, oyenera kufafanizidwa.

Panalinso nkhani ya mphamvu pa ndale. Madera a azungu olemera anali ndi maloya ndi anthu owayankhulira m'makhonsolo. Ku New Orleans, anthu anakana mseu umene unali kudzadutsa m'mbali mwa dera lochuka la French Quarter, ndipo boma linauletsa m'caka ca 1969. Koma mumzinda womwewo, kuyambira mu 1966, mitengo ikuluikulu ya oak imene inali pakati pa Claiborne Avenue, mseu wa malonda wa anthu akuda, inadulidwa, ndipo pamwamba pake panamangidwa mseu wa Interstate 10. Ku Miami, mseu wa Interstate 95 unadutsa pakati pa dera la Overtown ndi kusamutsa anthu zikwi zambiri. Ku Detroit, madera a Black Bottom ndi Paradise Valley anatha cifukwa ca nchito yokonzanso mzinda pamodzi ndi miseu ya Interstate 75 ndi Interstate 375.

Zimene zinacitika ku Rondo

Pofika m'zaka za m'ma 1950, anthu akuda pafupifupi 8 mwa 10 alionse a mu St. Paul anali kukhala ku Rondo. Sikuti onse anasankha okha kukhala kumeneko. M'madera ena a mzindawo zikalata za nyumba zinali ndi mau oletsa kugulitsa nyumba kwa munthu wakuda. Ngakhale zinali conco, anthu a ku Rondo anamanga umoyo wao. Anali ndi masitolo, malo ometera tsitsi, nyumba zodyeramo, manyuzipepala, machalichi monga Pilgrim Baptist, ndi malo othandizira anthu ochedwa Hallie Q. Brown, amene anakhazikitsidwa mu 1929. Amuna ambiri anali kugwira nchito m'sitima za pa njanji. A Roy Wilkins, amene pambuyo pake anatsogolera bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, anakulira m'dera limeneli.

Njira ina inalipo. Katswiri wa mapulani a mzindawo, a George Herrold, anapempha kuti mseu udzere kumpoto, motsatira njanji, kumene kunali nyumba zocepa. Malangizo ao sanamvedwe. Atsogoleri a ku Rondo, monga Abusa Floyd Massey ndi a Timothy Howard, ataona kuti sangathe kuuletsa mseuwo, anamenyera kuti usamangidwe m'mwamba pa zipilala koma ukumbidwe pansi, ndipo pakhale maulalo odutsapo. Pa mfundo imeneyi anapambana. Mu 1956 Abusa George Davis anakana kutuluka m'nyumba yao, ndipo apolisi anawaturutsa mokakamiza.

Bungwe la ReConnect Rondo, limene likutsogolera nchito yomanganso derali, limanena kuti nyumba pafupifupi 700 ndi mabizinesi 300 zinagwetsedwa kapena kutsekedwa.

Eni nyumba analipidwa, ndipo apa ndi pamene otsutsa cipukuta misozi amayambira. Koma boma linali kulipira mtengo wa pa msika, ndipo mtengowo unali utatsitsidwa kale ndi tsankho la mabanki. Ndalamazo sizinali kukwanira kugula nyumba yofanana kwina, ndipo ngakhale amene anali ndi ndalama anapeza kuti madera ambiri anali otsekeka kwa iwo, pakuti lamulo loletsa tsankho pa nyumba, la Fair Housing Act, linabwera mocedwa, mu 1968. Mwini sitolo anali kulipidwa cipupa ndi denga, osati makasitomala amene anabalalika. Anthu ocita lendi sanali kulandira kanthu kooneka. Lamulo lokakamiza boma kuthandiza mokwanira anthu amene lawasamutsa linakhazikitsidwa mu 1970, pamene Rondo inali itang'ambika kale.

Cilonda cimene sicinapole

Ku America, cuma ca banja wamba cimakhala m'nyumba yake. Nyumba imakwera mtengo pakupita kwa zaka. Kholo likhoza kuipereka cikole kuti litenge ngongole yolipirira mwana ku yunivesite kapena yoyambira bizinesi, ndipo likamwalira ana amailandira monga colowa. Banja limene linataya nyumba mu 1960 ndi kuyamba kucita lendi linataya zonsezi, ndipo adzukulu ake anayamba umoyo ali cimanjamanja. Kafukufuku amene bungwe la ReConnect Rondo linacititsa anapeza kuti cuma ca m'nyumba cimene mabanja a ku Rondo anataya cimaposa madola 157 miliyoni.

Kusiyana kwa cuma kumeneku kumaonekera m'dziko lonse. Kafukufuku wa banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, wa caka ca 2022 anasonyeza kuti banja la pakatikati la azungu linali ndi cuma ca madola 285,000, pamene banja la pakatikati la anthu akuda linali ndi madola 44,900. Ku Minnesota, mabanja a azungu pafupifupi atatu mwa anai alionse ali ndi nyumba zaozao, koma pakati pa anthu akuda safika ngakhale theka la ciwerengero cimeneco. Miseu si ndiyo yokha inabweretsa kusiyanaku, koma inagwetsa nyumba pamalo pomwe anthu akuda anali atayamba kukhala nazo.

Amene anatsala m'mbali mwa mseu ali ndi mabvuto aoao. Utsi wa magalimoto ndi fumbi la matayala zimakulitsa matenda a mphumu ndi a mtima, ndipo phokoso silileka usana ndi usiku. Mwana amene sukulu yake iri tsidya lina ayenera kuzungulira kufuna ulalo. Pali cinanso cimene sicilowa m'mabuku a owerengera ndalama: mpingo umene anthu ake anamwazikana, nkhalamba imene inali kusamalidwa ndi anansi, ndi mwini sitolo amene anali kukongoza mabanja mpaka kutha kwa mwezi cifukwa anali kuwadziwa.

Kupepesa ndi kulipira

Akuluakulu amati mlandu suola. M'caka ca 1983 a Marvin Roger Anderson ndi a Floyd Smaller, amene anakulira ku Rondo, anayambitsa cikondwerero ca Rondo Days, cimene cinayamba kusonkhanitsa mabanja obalalikawo m'mwezi wa July. Cikondwereroco cinasunga dzina la Rondo kuti lisaiwalike. Mu July 2015 mkulu wa dipatimenti ya miseu ku Minnesota, a Charlie Zelle, pamodzi ndi meya wa St. Paul panthawiyo, a Chris Coleman, anapepesa poyera kwa anthu a ku Rondo. Mu 2017 mzindawo unasankha a Melvin Carter kukhala meya wao woyamba wakuda. A Carter ndi mdzukulu wa banja limene linataya malo cifukwa ca mseu womwewo, ndipo anacoka pa udindowo atagonja pa cisankho ca mu November 2025.

Imfa ya a George Floyd m'manja mwa apolisi ku Minneapolis mu May 2020 inapangitsa kuti nkhani zimenezi zikambidwe mwamphamvu. Mu January 2021 khonsolo ya St. Paul inapepesa cifukwa ca tsankho la m'mbuyomo, ndipo mu 2023 inakhazikitsa komiti yoona za cipukuta misozi. M'caka comweco mzindawo unatsegula thumba lochedwa Inheritance Fund, kutanthauza thumba la colowa. Mbadwa ya munthu amene malo ake anatengedwa pomanga Interstate 94 ku Rondo, ngati malipiro ake ndi ocepa, inaloledwa kupempha ndalama zofika madola 110,000 zothandizira kugula nyumba, kapena zofika madola 80,000 zokonzera nyumba imene iri nayo kale. Ndalamazi zinaikidwa monga ngongole imene imakhululukidwa munthu akakhala m'nyumbamo kwa zaka zoikika.

Njira yaciwiri ndi yokonza malo eniakewo. Bungwe la ReConnect Rondo likufuna kuti pamwamba pa cigwa ca mseu pamangidwe denga lalikulu la konkire, ndipo pa dengalo pakhale nyumba, masitolo ndi malo opumulirapo, magalimoto akudutsa pansi. Nyumba ya malamulo ya Minnesota inapereka madola 6.2 miliyoni mu 2021, ndipo boma la ku Washington linaonjezera madola 2 miliyoni mu 2023. Zonsezi ndi ndalama za mapulani cabe. Kumanga kwenikweni kufuna madola mamiliyoni mazanamazana.

Mizinda ina yayesa njira zina. Rochester, m'cigawo ca New York, inakwirira mbali ina ya mseu wa Inner Loop pakati pa 2014 ndi 2017, ndipo pamalopo panamangidwa nyumba. Ku Syracuse nchito ya madola 2.25 biliyoni inayamba mu 2023, ndipo colinga cake ndi kucotsa mseu wa m'mwamba wa Interstate 81 umene unapasula dera la 15th Ward. Mizinda ya Portland ndi Santa Monica inakhazikitsa ndondomeko zoika patsogolo mbadwa za anthu osamutsidwa pogawa nyumba zochipa.

Ndalama zimene zinabwera ndi kubwerera

M'caka ca 2021 boma la a Joe Biden linapempha madola 20 biliyoni olumikiziranso madera amene miseu inawagawa pakati. Nduna ya za mtengatenga panthawiyo, a Pete Buttigieg, inanena poyera kuti tsankho linamangidwira m'miseu ina ya dzikolo. Nyumba ya malamulo inabvomereza 1 biliyoni cabe, pansi pa ndondomeko yochedwa Reconnecting Communities. Lamulo lina la mu 2022 linaonjezera madola pafupifupi 3 biliyoni.

Zinthu zinasintha a Donald Trump atabwerera pa mpando. Lamulo la misonkho ndi bajeti limene iwo anasaina pa 4 July 2025 linalanda ndalama za mu 2022 zimene zinali zisanamangidwe pa mapangano, zoposa madola 2 biliyoni. Cigawo ca Oregon cinataya gawo lalikulu la madola 450 miliyoni amene cinalonjezedwa kuti cimange denga pamwamba pa Interstate 5 ku Albina, dera lakale la anthu akuda mu Portland. Mu August 2025 akuluakulu a miseu ku Michigan anaimitsa nchito yosintha Interstate 375 ku Detroit, ponena za kukwera kwa mitengo ndi madandaulo a anthu okhala pafupi.

Phunziro lake ndi loonekeratu. Mseu wopasula unamangidwa ndi ndalama zotsimikizika, zimene zinali kubwera caka ndi caka kucokera ku msonkho wa mafuta a galimoto. Nchito yokonza ikudalira ndalama zimene cipani cimodzi cimapereka ndipo cina cimalanda.

Mfundo za mbali ziwiri

Otsutsa cipukuta misozi amati anthu okhoma msonkho lero si amene anajambula mapu a 1956, ndipo ambiri mwa iwo anali asanabadwe. Amatinso miseu inasamutsa azungu osauka ambiri, ndipo sicilungamo kulipira mtundu umodzi. Kafukufuku wa bungwe la Pew wa mu 2021, amene anafunsa za kulipira mbadwa za akapolo, anapeza kuti anthu 30 cabe mwa 100 alionse ku America anali kubvomereza, pamene pakati pa anthu akuda anali 77 mwa 100. Bilu yochedwa H.R. 40, yongofuna kuti pakhale komiti yofufuza nkhaniyi, inaperekedwa koyamba ndi a John Conyers mu 1989, ndipo siinakhalepo lamulo.

Ocirikiza amayankha kuti wolakwa ndi boma, ndipo boma silifa. Dipatimenti imene inatenga malo a ku Rondo ikalipo, ndipo mseuwo ukali kupindulitsa cuma ca cigawo conse. Amakumbutsanso kuti mu 1988 America inapepesa ndi kulipira madola 20,000 kwa munthu aliyense wa mtundu wa Cijapani amene anatsekeredwa m'misasa pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ndipo anali akali moyo.

Nkhani ya miseu iri ndi mwai umene nkhani ya ukapolo iribe. Zikalata za malo zikalipo. Dzina la mwini nyumba, nambala ya pulote ndi ndalama zimene analandira zinalembedwa, ndipo ena mwa ana amene anaona nyumba zao zikugwa akali moyo. Ici ndi cofunika pa malamulo. Kucokera pamene bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula mu June 2023 kuti mayunivesite asamayang'ane mtundu wa munthu posankha ophunzira, ndondomeko iliyonse yozikidwa pa khungu iri pa ngozi yokasumiridwa. Mzinda wa Evanston ku Illinois, umene mu 2019 unapatula madola 10 miliyoni ndipo pambuyo pake unayamba kupereka madola 25,000 kwa anthu akuda amene anasalidwa pa nkhani ya nyumba pakati pa 1919 ndi 1969 komanso mbadwa zao, unasumiridwa mu 2024 ndi bungwe la Judicial Watch. Thumba la ku St. Paul linazikidwa pa malo amene anatengedwa, osati pa khungu la wopempha.

Koma njira imeneyi nayonso iri ndi cilema. Imathandiza mbadwa za eni nyumba, ndi kusiya mbadwa za anthu ocita lendi, amene anali osauka koposa ndipo sanalandire kanthu ngakhale paciyambi. Imasiyanso mabanja amene nyumba zao sizinagwetsedwe, koma zinatsika mtengo cifukwa ca kuyandikana ndi mseu.

Mantha a kusamutsidwa kaciwiri

Pali nkhawa inanso imene anthu a m'madera amenewa amaichula kawirikawiri. Mseu ukacotsedwa kapena ukaphimbidwa, malo amakongola, mitengo ya nyumba imakwera, lendi ndi msonkho wa malo zimakweranso. Anthu amene anapirira utsi ndi phokoso kwa zaka 50 akhoza kulephera kukhalapo pa nthawi imene malowo ayamba kukoma. Anthu a ku Rondo anadandaula za comweci pamene njanji ya Green Line inali kumangidwa pa University Avenue, kumpoto kwa dera lao, isanatsegulidwe mu 2014. Ndiye cifukwa cake atsogoleri ao amanena kuti kumanga denga pa mseu sikokwanira ngati sipakhala pangano lonena za mwini wa malo atsopanowo. Ena akufuna kuti malowo akhale m'manja mwa bungwe la anthu a m'deralo, limene lingasunge mitengo ya nyumba kuti isakwere mopitirira.

Mkangano umenewu ukucitika pa nthawi imene nkhani ya cipukuta misozi yakula pa dziko lonse. Bungwe la African Union, limene Zambia ndi membala wake, linasankha cilungamo kwa anthu a mu Africa ndi mbadwa zao kudzera m'cipukuta misozi kukhala mutu wa caka ca 2025. Nkhani ya Rondo ndi yaing'ono poyerekeza ndi ukapolo kapena utsamunda, koma ikusonyeza pamene mikangano yotere imathera: pa mndandanda wa maina, pa ciwerengero ca ndalama, ndi pa funso la amene adzasaina ceke.

Mu July 2018 anthu a ku Rondo anatsegula bwalo la cikumbutso pafupi ndi mseuwo, pamene pali zithunzi ndi mbiri ya dera lao. Ambiri mwa amene anali eni nyumba mu 1956 anamwalira kale, ndipo ana ao tsopano ndi nkhalamba. Cipepeso ca pakamwa analandira mu 2015. Thumba la colowa lafikira mabanja ocepa poyerekeza ndi nyumba 700 zimene zinagwa, ndipo denga la pamwamba pa Interstate 94 likali pa mapepala. Caka ciriconse cimene cikupita cikucepetsa ciwerengero ca anthu amene angaloze pa cigwa cija ndi kunena pamene panali khomo la nyumba ya makolo ao.